Kodi Mendulo za Jim Thorpe N'za Yani?

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambi umenewu timaunena kawirikawiri polimbikitsana kulera ndi kuphunzitsa ana a anzathu, ndipo ndi wabwino ndithu. Koma ukauyang'anitsitsa upeza kuti uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ikunena za chikondi, yachiwiri ikunena za phindu, ndipo vuto limabwera pamene munthu wagwira mbali yachiwiri yokha. Tiyerekeze kuti wina walanda mwana wa mnzake, wamusintha dzina, wamuletsa chiyankhulo cha mayi ake, kenaka mwanayo atakula n'kutchuka pa masewera, wolanda uja akuimirira pagulu n'kumati, "Onani mwana wanga." Kodi munthu wotere ali ndi ufulu wonyadira? Kodi kuombera m'manja munthu amene wapambana n'chimodzimodzi ndi kumulandira monga momwe alili? Zimenezi zidachitikadi m'dziko la United States of America, ndipo mbiri ya katswiri wa masewera, Jim Thorpe, ikhoza kutithandiza kusinkhasinkha mafunsowa.

Azungu asadafike ku America, m'dzikomo mudali kale mitundu mazanamazana ya anthu, uliwonse ndi chiyankhulo chake, atsogoleri ake ndi chipembedzo chake: a Navajo, a Hopi, a Lakota, a Cherokee ndi ena ambiri. Christopher Columbus atafika pa zilumba za kumeneko m'chaka cha 1492 adaganiza kuti wafika cha ku India, choncho anthuwa adapatsidwa dzina loti Amwenye, ngakhale alibe ubale ndi Amwenye amene timawadziwa kwathu kuno. M'nkhani ino ndiziwatchula kuti eni nthaka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, eni nthakawa adali atagonja pa nkhondo, atalandidwa malo awo ndi kuunjikidwa m'madera ochepa amene boma lidawapatulira. Apa akuluakulu a boma adaona kuti ntchito imene idatsala, yosintha mitima ya anthuwa, mfuti singaithe. Adatembenukira ku sukulu.

M'chaka cha 1879 mkulu wina wa asilikali, Richard Henry Pratt, adatsegula sukulu yogonera komweko m'nyumba zakale za asilikali m'tauni ya Carlisle, m'chigawo cha Pennsylvania, kutali kwambiri ndi kwawo kwa anawo. Mwana akafika adali kumumeta tsitsi lake lalitali, lomwe kwa mitundu yambiri lidali chizindikiro cha ulemu. Adali kumuvula zovala za makolo n'kumuveka yunifolomu yonga ya asilikali, kumupatsa dzina lachizungu ndi kumuletsa kulankhula chiyankhulo chake, ndipo wophwanya lamuloli adali kulangidwa. Ambiri adatumizidwanso kukagwira ntchito m'minda ndi m'nyumba za azungu. Polankhula pa msonkhano wina m'chaka cha 1892, Pratt adafotokoza cholinga chake mosapsatira mawu, kuti pafunika kupha Mmwenye amene ali mwa mwanayo kuti munthuyo apulumuke.

Tisafulumire kumuona Pratt ngati chilombo, pakuti tikatero phunziro lake litidutsa. Iye ankadziona ngati bwenzi la eni nthaka. Pa nthawi imene azungu ambiri ankati anthuwa sangaphunzire, iye ankakhulupirira kuti mwana wawo ali ndi nzeru zofanana ndi za mwana wa mzungu. Pofuna kutsimikiza zimenezi ankajambulitsa ana pofika ndi pambuyo pa zaka zingapo. Zithunzi zodziwika kwambiri ndi za mnyamata wa mtundu wa Navajo, Tom Torlino: china cha 1882 ali ndi tsitsi lofika m'mapewa, ndolo ndi mikanda, china cha patapita zaka zitatu atameta ndi kuvala jekete. Kulakwa kwa Pratt kudali kwakuti ankaona umunthu ndi uzungu ngati chinthu chimodzi. Kwa iye mwana adali woyenera kukondedwa, koma pokhapokha atasiya kukhala mwana wa makolo ake.

Pamene sukuluyi inkatsekedwa m'chaka cha 1918, ana zikwizikwi ochokera m'mitundu yoposa 140 adali atadutsamo. Ena sadabwerere kwawo. Chifuwa chachikulu ndi matenda ena zidapha ambiri, ndipo pamanda a pasukulupo padaikidwa ana oposa 180. Carlisle idakhalanso chitsanzo cha sukulu zina zambiri. Kafukufuku amene boma la America lidatulutsa m'chaka cha 2024 adapeza sukulu 417 za mtundu umenewu, ndi ana osachepera 973 amene adafera m'sukuluzo.

Chodabwitsa n'chakuti m'masiku ake sukuluyi idatchuka ndi mpira, uja wa ku America umene osewera amanyamula mpira m'manja n'kumagundana. Timu yake, yophunzitsidwa ndi Glenn Warner, idali kugonjetsa matimu a sukulu zaukachenjede zolemera kwambiri m'dzikomo. Mwa osewera ake mudali Jim Thorpe. Iye adabadwa m'chaka cha 1887 m'dera lomwe lero ndi Oklahoma, ndipo adali wa mtundu wa Sac and Fox. Dzina lake lachikwawo lidali Wa-Tho-Huk, kutanthauza njira yowala. Mnzake wobadwa naye mapasa, Charlie, adamwalira ndi chibayo adakali mwana. Jim adathawapo kangapo ku sukulu zina zogonera komweko asadatumizidwe ku Carlisle m'chaka cha 1904, chaka chimene adatayanso bambo ake, mayi ake atamwalira kale.

M'chaka cha 1911 timu ya Carlisle idagonjetsa ya Harvard 18 kwa 15. Pa 9 Novembala 1912 idapita ku West Point, sukulu yophunzitsa akuluakulu a asilikali, ndipo idapambana 27 kwa 6. M'timu ya asilikaliyo mudali Dwight Eisenhower, yemwe adadzakhala mtsogoleri wa dziko la America. Padali patangopita zaka 22 chichitikireni chiwembu cha ku Wounded Knee cha 1890, kumene asilikali a boma adapha anthu a mtundu wa Lakota oposa 200, kuphatikizapo amayi ndi ana. Tsono tiyeni tione chinthu chimodzi chofunika. Timuyi inkadziwika ndi dzina loti Carlisle Indians. Anthu ankadzaza mabwalo ndi kulipira pakhomo chifukwa chofuna kuona Amwenye akulimbana ndi azungu, ndipo olemba nyuzipepala ankasimba masewerawo ngati nkhondo zakale. Umwenye womwewo umene unkaphedwa m'kalasi mkati mwa sabata ndiwo unkagulitsa matikiti Loweruka. Sukulu idakana chiyankhulo cha mwanayo, nyimbo zake ndi mapemphero ake, koma idasunga dzina la mtundu wake chifukwa linkabweretsa ndalama ndi mbiri.

M'mwezi wa Julayi 1912 Thorpe adaimira dziko la America pa mpikisano wa Olimpiki ku Stockholm, m'dziko la Sweden. Adapambana mipikisano iwiri yovuta kuposa yonse: pentathlon, womwe udali ndi masewera asanu, ndi decathlon, wa masewera khumi ophatikiza kuthamanga, kulumpha ndi kuponya. Pa decathlon adapeza mapointi 8,412, kusiya kutali Hugo Wieslander wa ku Sweden amene adamutsatira. Atabwerera kwawo adamuyendetsa m'misewu ya New York khamu la anthu likumuombera m'manja. Komabe pa nthawiyo eni nthaka ambiri sadali kuwerengedwa ngati nzika za dzikolo. Lamulo lowapatsa onse unzika lidadza m'chaka cha 1924.

Chikondwererocho sichidathe chaka. M'mwezi wa Januwale 1913 nyuzipepala ya Worcester Telegram idalemba kuti m'zaka za 1909 ndi 1910 Thorpe adasewerapo baseball molipidwa ku Rocky Mount, m'chigawo cha North Carolina. Ndalama zake zidali zochepa zedi, koma malamulo a Olimpiki a nthawi imeneyo ankalola anthu okhawo amene sadalandirepo malipiro pa masewera. Thorpe adasaina kalata yovomera, momwe adapempha kuti amumvere chisoni popeza adali mwana wasukulu wachimwenye chabe wosadziwa malamulo otere. Sadamumvere. Adamulanda mendulo zonse ziwiri za golide n'kufufuta dzina lake m'mabuku.

Ine ndimagwira ntchito m'boma ndipo ndimalemekeza malamulo, pakuti popanda iwo ofesi iliyonse ingasanduke msika. Sindinena kuti Thorpe sadaphwanye lamulo. Koma aliyense amene adagwirapo mafayilo akudziwa kuti chilungamo cha lamulo chimaonekera pa kagwiritsidwe ntchito kake. Poyamba, ana asukulu ambiri achizungu ankasewera baseball molipidwa pa tchuthi, koma ankagwiritsa ntchito maina abodza. Thorpe adalemba dzina lake lenileni. Chachiwiri, malamulo a mpikisano wa 1912 ankati dandaulo liperekedwe pasanathe masiku 30, pomwe nkhaniyi idabwera patapita miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Akuluakulu adakumbukira lamulo lomanga mnyamatayo n'kuiwala lamulo lomuteteza. Chachitatu, lamulo loletsa malipirolo lidali lokomera ana a anthu olemera, amene sankasowa ndalama yogulira chakudya pa tchuthi. Chowawa kuposa zonsezi n'chakuti akuluakulu a ku Carlisle, amene adadya naye ulemerero, adati sankadziwa kanthu. Pa tsiku la mendulo adali mwana wawo, koma pa tsiku la mlandu adamusiya yekha.

Wina atha kutsutsa, ndipo mfundo yake ndi yoyenera kuimvetsera. Atha kunena kuti pakadapanda Carlisle, Thorpe akadatha moyo wake akuweta mahatchi ku Oklahoma osadziwika ndi munthu. Sukuluyo idamupatsa kochi, bwalo, nsapato ndi njira yopitira ku Stockholm. Ophunzira ena a kumeneko adadzakhala aphunzitsi, anamwino ndi oimira anthu awo pamaso pa boma, ndipo ena ankaikumbukira sukuluyo mokoma. Makolo ena adatumiza ana awo mwa kufuna kwawo poona kuti dziko lasintha ndipo Chingerezi n'chofunika. Zonsezi n'zoona. Kodi tsono sitinganene kuti ngakhale njira idali yowawa, zipatso zake zidali zabwino?

Yankho loyamba tilipeza kwa mnzake wa Thorpe, Louis Tewanima, wa mtundu wa Hopi wa ku Arizona. Iye adali m'gulu la anthu amene asilikali adawagwira m'chaka cha 1906 pa mkangano wokana kutumiza ana ku sukulu za boma, ndipo adapita naye ku Carlisle ngati wandende. Ku Stockholm adapeza mendulo ya siliva pa mpikisano wothamanga mamita 10,000, kutsatira Hannes Kolehmainen wa ku Finland. Palibe wa ku America amene adapezanso mendulo ya Olimpiki pa mtunda umenewu kufikira m'chaka cha 1964 pamene Billy Mills, mwini nthaka mnzake wa mtundu wa Lakota, adatenga golide ku Tokyo. Kodi Tewanima adaphunzira kuthamanga ku Carlisle? Ayi. Kwa a Hopi kuthamanga mitunda italiitali ndi mwambo wakalekale, wogwirizana ndi mapemphero opempha mvula. Luso limene dziko la America lidanyadira lidachokera m'chikhalidwe chomwecho chimene sukulu inkafuna kuchithetsa. Atatha mpikisanowo Tewanima adabwerera kwawo kukalima chimanga ndi kuweta nkhosa mpaka imfa yake m'chaka cha 1969. Paja adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Yankho lachiwiri ndi lakuti sukulu sitingaiweruze poyang'ana mwana mmodzi amene adapambana. Zimenezi zili ngati kuweruza chipatala poyang'ana wodwala mmodzi amene adachira, osawerenga amene adatulukira khomo lakuseri. Ngati tiika mendulo za Thorpe pa sikelo, mbali inayo tiyenera kuikapo manda aja oposa 180, ndi ana zikwizikwi amene adabwerera kwawo osatha kucheza ndi agogo awo, osalandiridwanso pakati pa azungu. Ndiponso funso lalikulu silakuti maphunziro adali ofunika kapena ayi. Adali ofunika. Funso ndi lakuti kodi padali chifukwa chotani chakuti mtengo wa kuwerenga ndi kulemba ukhale dzina ndi chiyankhulo cha mwana. Mutu wa mwana ukhoza kusunga ziyankhulo ziwiri kapena zitatu popanda kusweka. Kumuchotsera chiyankhulo chake sikudamuthandize kuphunzira, kudangothandiza boma kumulamulira.

Komabe tisawaone anyamatawa ngati anthu ongomvetsa chisoni. Pabwalo la mpira padali pamalo pamodzi pokha pamene mwini nthaka ankaloledwa kugwetsa mzungu pansi, malamulo ali ofanana mbali zonse, anthu akuona. Timu ya Carlisle inkadziwika ndi liwiro ndi nzeru zosokoneza adani, zomwe zidatsutsa bodza lakuti anthuwa ali ndi mphamvu chabe opanda nzeru. Sukulu inkafuna kuti chipambano chawo chionetse kuti njira ya Pratt ndi yabwino, koma kwa abale awo kumudzi chidaonetsa kuti mtundu wawo sudafe. N'chifukwa chake ndikuti mendulo zija n'za Thorpe choyamba, kenaka n'za anthu amene adamubereka. Sukulu ndi boma zili kumapeto kwa mzere.

Zimene zidachitika pambuyo pake zikutsimikiza kuti kuombera m'manja si kulandira. Thorpe adapitiriza kusewera mpira ndi baseball molipidwa, ndipo m'chaka cha 1920 adakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe limene lero ndi NFL. Mphamvu zitatha adakhala moyo wa maganyu, kukumba ngalande ndi kuonekera pang'ono m'mafilimu a ku Hollywood atavala nthenga ngati mfumu yachimwenye. Mowa nawo udamuvutitsa. M'chaka cha 1950 atolankhani adamusankha kukhala katswiri woposa onse wa theka loyamba la zaka za m'ma 1900, koma adamwalira ali wosauka m'chaka cha 1953. Mwambo wa maliro wachikwawo uli mkati ku Oklahoma, mkazi wake wachitatu adachotsa mtembo. Udakaikidwa ku Pennsylvania, m'tauni imene idavomera kusintha dzina kukhala Jim Thorpe pofuna kukopa alendo, ngakhale mwini dzinayo adali asadapondeko. Ana ake aamuna ndi mtundu wake adayesa kudzera m'makhoti kuti mafupa ake abwerere kwawo, koma nkhaniyi idathera pomwepo m'chaka cha 2015 khothi lalikulu litakana kuimva.

Mchitidwe wokonda chithunzi cha mwini nthaka osamukonda mwiniwakeyo udapitirira kwa zaka zambiri. Matimu akuluakulu adatenga maina ndi zizindikiro za anthuwa, ochemerera n'kumadzipaka utoto kumaso ndi kuvala nthenga zomwe kwa eni ake ndi zopatulika. Eni timu ankati akuwalemekeza, pomwe olemekezedwawo ankati akunyozedwa. Timu ya mpira ya ku Washington idasiya dzina loti Redskins m'chaka cha 2020, ndipo ya baseball ya ku Cleveland idasiya loti Indians itatha sizoni ya 2021. Ulemu weniweni umayamba ndi kufunsa mwiniwake kuti afuna kutchedwa ndani.

Mlandu suola. M'chaka cha 1982 komiti yoyendetsa Olimpiki idavomera kubwezera Thorpe ulemu wake, koma idamulemba ngati wopambana limodzi ndi amene adapatsidwa mendulo zija. Mpaka m'mwezi wa Julayi 2022, patapita zaka 110, m'pamene idalengeza kuti wopambana adali iye yekha. Kuyambira m'chaka cha 2017 asilikali a America akhala akufukula mafupa a ana a ku Carlisle n'kuwapereka kwa abale awo, ndipo m'mwezi wa Okutobala 2024 mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Joe Biden, adapepesa poyera chifukwa cha sukuluzi. Zonsezi n'zabwino ndi zoyenera. Koma kukonza dzina m'buku n'kosavuta. Chiyankhulo cha Sauk, cha mtundu wa Thorpe, chatsala ndi anthu owerengeka okha ochilankhula bwino, ndipo palibe komiti imene ingachibwezere ndi chikalata.

Nanga kulandira kwenikweni kumaoneka bwanji? Chitsanzo tichipeza ku Australia, dziko lina limene lidalandanso ana a eni nthaka kwa makolo awo. Agogo ake aakazi a katswiri wothamanga Cathy Freeman adali mmodzi mwa ana oterewa. Freeman atapambana pa mpikisano wa Commonwealth m'chaka cha 1994 adazungulira bwalo atanyamula mbendera ziwiri, ya Australia ndi ya eni nthaka, ndipo mkulu wa timu ya dziko lake adamudzudzula. M'chaka cha 2000 ku Sydney adapambana mamita 400 pa Olimpiki n'kunyamulanso mbendera zonse ziwiri, dziko lonse likusangalala naye. Mavuto a anthu a mtundu wake sadathe tsiku limenelo, komabe iye adasonyeza kuti munthu sayenera kusiya mtundu wake pakhomo la bwalo kuti aimire dziko lake.

Kwathu kuno sikudakhaleko sukulu yonga Carlisle, ndipo kungakhale kunyoza ana amene adafera kumeneko kufanizira mavuto athu ndi awo. Komabe ganizo la Pratt silachilendo kwa ife. Ambiri tidaphunzira m'sukulu momwe kulankhula chiyankhulo cha kumudzi kudali mlandu wolipira ndi kutchetcha udzu. Ifenso olankhula Chichewa tisaiwale kuti m'chaka cha 1968, pamene chiyankhulo chathu chidakwezedwa kukhala cha dziko lonse, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chidabwerera pa wailesi ulamuliro utasintha m'chaka cha 1994. Mnyamata akagoletsa chigoli m'timu ya Flames sitifunsa kuti ndi wa kuti, tonse timati ngwathu. Funso n'lakuti kodi Lolemba, akabwera kudzafuna ntchito kapena malo a sukulu, dzina lake ndi kalankhulidwe kake zikamveka, adakali wathu?

Choncho yankho langa ndi ili. Dziko lili ndi ufulu wonyadira mwana amene wapambana ngati lamulandira yense, pamodzi ndi dzina lake, chiyankhulo chake ndi abale ake amene sadziwa kuthamanga kapena kuponya mpira, ndiponso ngati likhala naye pa tsiku limene wagwa. Dziko limene lingofuna miyendo yake likumugwiritsa ntchito monga mlimi agwiritsira ntchito ng'ombe, ngakhale litaimba nyimbo zomutamanda. Aphunzitsi, makochi ndi ife ogwira ntchito m'maofesi timakumana tsiku ndi tsiku ndi ana a anzathu ochokera m'mitundu ndi m'zikhalidwe zosiyana ndi zathu. Tisanayambe kuwerenga phindu limene tidzapeze mwa iwo, tiyeni tiyambe tawafunsa maina amene makolo awo adawapatsa, ndipo tiphunzire kuwatchula bwino.